Kamphete komwe kandibwezera kukwaya

Vuto langa linayamba nditabereka mwana wachinayi. Ndikatsokomola, kuyetsemula kapena kunyamula ndowa yamadzi, mkodzo unkatuluka. Anali madontho chabe, koma okwanira kunyowetsa chovala chamkati. Kwa zaka 6 sindinkachoka pakhomo osapinda kansalu. Kukwaya ya amayi kumpingo kwathu ku Kawale ndinasiya, chifukwa ife timaimba uku tikuvina, ndipo ukaponda pansi mwamphamvu kawiri katatu, basi zachitika. Anzanga ndinkawauza kuti mawondo akuvuta.

Mumtima ndinkaopa kuti ndi fistula, poti mu Lilongwe muno timadziwa kuti ku Bwaila kuli malo othandizirako amayi a vutolo. Achemwali anga, omwe ndi namwino, ndiwo anandimasula. Anati fistula ndi bowo, mkodzo umangotuluka usana ndi usiku ngakhale uli chigonere. Langali linali lina: minofu ya pansi pa chiuno, yomwe imachirikiza chikhodzodzo ndi njira ya mkodzo, inafooka ndi uchembere, ndiye mphamvu ya m'mimba ikakankhira pansi, njirayo siitsekeka bwino. "Mng'ono wanga, zimenezi n'zothandizika, pita ukaonane ndi dokotala wa amayi," anatero.

Ndinatenga buku langa lakuchipatala n'kupita. Adokotala anayamba ndi mafunso: ndinabereka kangati, ndimadzimbidwa kapena ayi, ndili ndi chifuwa chosatha, ndikusambabe kapena ndinasiya. Anayeza mkodzo kuti aone ngati mulibe matenda, kenako anandigoneka chikhodzodzo chili chodzaza n'kundiuza kuti nditsokomole. Mkodzo unatuluka iwo akuona. Manyazi anandigwira zedi, koma iwo anangoti, "Mayi, zimenezi n'zomwe timafuna tione, tsopano tadziwa pothandizira."

Choyamba anandipatsa ntchito ya miyezi 3 yolimbitsa minofu ija. Umafinya ngati ukugwira mkodzo ndi mphweya nthawi imodzi, n'kugwira kanthawi, n'kumasula, maulendo 8, katatu patsiku. Anati njirayi inatchuka ndi dokotala wa ku America, Arnold Kegel, mu 1948. Ndinkachita ndili m'minibasi, ngakhale pophika nsima. Zinathandiza ndithu, kuyetsemula sikunkandiopsanso, koma kuvina ndi kunyamula katundu vuto linalipobe. Adokotala atatchula nkhani ya opaleshoni ndinaikana kaye, poti wosamala ana analibe. Apa m'pamene anatulutsa kamphete kotchedwa pessary.

N'kofewa, kopangidwa ndi silikoni, kopindika ukakafinya ndi zala ziwiri, ndipo mbali imodzi kali ndi kachotupa. Kamalowa kunjira yoberekera, kachotupako n'kukhala pansi pa njira ya mkodzo. Ukatsokomola, njirayo imapeza potsamira n'kutsekeka. Sikachiritsa minofu ayi, kamangogwira ntchito kakakhala m'kati.

Kupeza saizi n'kumene kunatitengera nthawi, ndipo amene mukupita musataye mtima pamenepa. Atandiika koyamba anandiuza kuti ndiimirire, ndiyendeyende, ndinjute, nditsokomole. Nditangonjuta ndinakamva kakutsika, kanali kakang'ono. Kachiwiri kanakhazikika, koma nditapita kuchimbudzi mkodzo unkatuluka movutikira, kusonyeza kuti kakupanikiza njira. Musachoke kuchipatala musanakodze kali m'kati, chifukwa pamenepo m'pamene zimadziwika. Kachitatu ndiye kanali kanga. Ndinayenda khonde lonse kawiri osamva kuti m'thupi muli kanthu.

Namwino anandiphunzitsa kuika ndi kuchotsa ndekha. Kusamba m'manja kaye, kuponda pampando ndi mwendo umodzi, kukapinda, kukapaka timafuta ta m'chubu tomwe anandipatsa, n'kukalowetsa molozera kumsana, kachotupa kali kutsogolo. Pochotsa umakakola ndi chala n'kukoka pang'onopang'ono. Masiku oyamba kunyumba ndinavutika, zala zinkaterereka, mpaka ndinaimbira foni achemwali usiku. Anati ndinjute n'kukankha ngati ndikudzithandiza, ndipo kanatsika kokha mpaka pofikira chala.

Panopa ndimakavala m'mawa, madzulo n'kuchotsa, kukatsuka ndi sopo wosanunkhiritsa ndi madzi oyera, kukaumitsa, n'kukasunga m'kabokosi. Amayi ena amene sangathe kuchotsa okha amakhala nako, n'kumapita kuchipatala miyezi ingapo iliyonse kuti akawachotsere, kuwaona ndi kuwabwezeretsa. Choopsa n'kukaiwala m'kati kwa nthawi yaitali, chifukwa kangathe kutupula zilonda. Kuchipatala anandichenjeza kuti ndikaona magazi, chikazi chonunkha, ululu kapena ndikamalephera kukodza, ndichotse ndipo ndibwere msanga. Kwa amayi omwe anasiya kusamba, khungu la m'kati limauma n'kupyapyala, ndiye nthawi zina amawalembera mankhwala opaka okhala ndi mahomoni a amayi otchedwa estrogen. Bambo akunyumba ndinawauza zonse, ndinawaonetsanso kampheteko. Nkhawa yawo inali yoti kangalowerere m'mimba, ndinawafotokozera kuti kulibe koti kangadutse.

Patatha milungu iwiri ndinabwerera kuti akandione, ndipo zonse zinali bwino. Minofu ndikulimbitsabe, madzi ndikumwa okwanira m'malo modzimana monga kale, tiyi ndinachepetsa. Loweruka lapitali tinakaimba paukwati ku Area 25, ndinavina nyimbo zonse nditavala yunifolomu yoyera. Kansalu kanali m'chikwama, ndinabwera nako kouma.