Tsiku lomwe thirela inandivinira pa M10

Ndakhala ndikuphunzira kukoka thirela kwa amalume miyezi iwiri tsopano, ndipo zomwe zinachitika sabata yatha sindikuziiwala. Timapita ku Monkey Bay kuchokera kuno ku Mangochi pa boma, pikiapu ikukoka thirela yaikulu yodzaza matumba a simenti, ine ndili pa chiwongolero. Mwera unali ukuwomba ndithu, ndiye thiraki ina itatidutsa mothamanga ndinangomva kumbuyo kwayamba kugwedezeka, uku ndi uku ngati mchira wa mlamba, galimoto yonse nkumatsatira. Phazi langa linathamangira pa buleki, amalume anakuwa kuti "Iwe usaponde! Chotsa phazi pa moto basi, chiwongolero chigwire chilili!" Ndinamvera, liwiro linatsika lokha pang'onopang'ono mpaka thirela inakhazikika. Titaima pambali manja anali akunjenjemera.

Ine ndimaganiza kuti vuto ndi mphepo ija kapena thiraki ija. Amalume sanayankhe, anangonditengera kumbuyo nkundiloza matumba. Ndinapakira ndine mmawa uja, ndipo ambiri ndinawaunjika kumapeto kwenikweni chifukwa nkomwe kunali pafupi ponyamula, thumba la 50 kg silocheza. Apa mpomwe ndinamvetsa kuti mphepo inangoyambitsa, koma thirela inali itakonzeka kale kuvina tisananyamuke pakhomo.

Nkhani yake ili chonchi, katundu wolemera akakhala kumbuyo kwa matayala a thirela, kutsogolo kumapepuka ndipo thirela imakhala ngati ikutukula matako a galimoto, ndiye matayala akumbuyo a pikiapu sagwira bwino msewu, kakugwedezeka kakang'ono kamakula kokha makamaka ukamathamanga kapena ukamatsika mtunda. Zofunika nzoti pafupifupi 60 peresenti ya katundu ikhale kutsogolo kwa ekiselo, chitsulo chija chogwira matayala a thirela, 40 kumbuyo, zolemera zikhale pansi komanso zomangidwa bwino kuti zisamayende. Pa chokokera, pomwe thirela imalumikizana ndi galimoto, pazitsamira pafupifupi 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera konse, ndiye thirela ikamalemera 1,000 kg pamodzi ndi katundu, pamenepo pakhale 100 mpaka 150 kg, bola osapitirira mlingo omwe opanga galimoto analemba. Ukaonjezanso kwambiri kutsogolo si bwino, matayala akutsogolo a galimoto amapepuka chiwongolero nkumavuta.

Tinatsitsa matumba onse pamsewu pompo nkupakiranso, dzuwa la ku Mangochi mukulidziwa, koma sindinadandaule. Amalume anayezanso mpweya, tayala limodzi la thirela linali lofewa, nalonso limathandizira kugwedezako. Ulendo otsalawo ndinayenda pang'onopang'ono ndipo thirela inangotsatira phee ngakhale mathiraki ena amatidutsa.

Chomwe chikundivutabe ndi phazi. Mutu ukudziwa kuti buleki yamphamvu imapangitsa thirela kukankha galimoto nkuipinda, komanso kuti kulimbana nayo pokhotetsa chiwongolero kumangoonjezera, koma thupi limafuna kuponda basi. Amalume akuti thirela zina zili ndi mabuleki akeake omwe umatha kumanga osakhudza a galimoto ndipo zimawongoka msanga, yathuyi ilibe.

Mwezi wamawa tikupita ku Namwera, msewu wa mapiri uja, akuti pobwera ndidzatsika ndine pa giya yaing'ono. Ndawapempha kuti kupakira ndidzapange ndekha iwo adzangoona.