Pulesha ya buleki yakutsogolo: imabadwira kudzanja, osati kudisiki

Pa zonse zimene ndaphunzira za mabuleki a disiki a njinga yamoto, mfundo imene ndiyovuta kulowa m'mutu ndi iyi: pulesha imene ili mupaipi sidalira kukula kwa disiki kapena kuchuluka kwa ma caliper, zipangizo zokhala ndi mapisitoni zimene zimafinyira mapadi padisiki. Imadalira zinthu zitatu zokha, zonse zili pachiwongolero: mphamvu ya dzanja, utali wa liva, ndi kukula kwa pisitoni ya mu master cylinder, kapampu kamene liva imakankha kuti katumize mafuta a buleki mupaipi. Zimene zili kutayala zimangolandira puleshayo n'kuisandutsa mphamvu yofinya disiki.

Masamu ake ndi a lamulo la Pascal: pulesha ndi mphamvu kugawa ndi kukula kwa nkhope ya pisitoni. Tiyerekeze kuti dzanja lakoka ndi mphamvu ya 100 N (manyutoni, muyeso wa mphamvu), pafupifupi ngati kunyamula makilogalamu 10, ndipo liva ikuchulukitsa mphamvuyo kanayi. Pisitoni ikukankhidwa ndi 400 N. Ngati pisitoniyo ndi ya mamilimita 12.7, nkhope yake ndi 127 mm², ndipo pulesha imafika pa 32 bar (bar ndi muyeso wa pulesha). Mukaika ya mamilimita 11, nkhope ndi 95 mm², pulesha imakwera kufika 42 bar. Ya mamilimita 14 ili ndi 154 mm², pulesha imatsika kufika 26 bar. Dzanja ndi lomwelo.

Apa m'pamene ambiri amagwa. Munthu amagula master cylinder yaikulu poganiza kuti chachikulu n'champhamvu, akamanga n'kupeza liva yalimba gwa ngati thabwa, njinga osaima. Iye amasangalala kuti buleki "yakhwima", pamene zoona zake pulesha yatsika. Pisitoni yaikulu imakankha mafuta ambiri pa kukoka kochepa, koma mofooka. Yaing'ono imakankha ochepa mwamphamvu, ndipo liva imayenda mtunda wautali. Palibe chaulere: mukapeza mphamvu, mwalipira ndi mtunda wa liva.

Tsopano kutayala. Caliper yotsetsereka ya mapisitoni awiri a mamilimita 25 ili ndi nkhope ya 982 mm² onse pamodzi. Pa 32 bar ija, imafinya disiki ndi mphamvu ya pafupifupi 3,100 N. Mukaichotsa n'kuika ya mapisitoni anayi oyang'anizana, a mamilimita 30 ndi 34, musawerenge onse anayi. Werengani a mbali imodzi yokha, chifukwa a mbali inayo akugwira ntchito imene thupi la caliper yotsetsereka limagwira pokokera padi yachiwiri. Mbali imodziyo ndi 1,615 mm², ndiye kufinya kumakwera kufika pafupifupi 5,100 N. Pulesha sinasinthe ngakhale pang'ono. Chasintha n'chakuti mapisitoni akuluwo akufuna mafuta ochuluka kuti asunthe, motero liva iyandikira kwambiri chogwirira.

Kuwonjezera disiki yachiwiri ndi nkhani yomweyo, ngakhale pali chikhulupiriro chofala choti pulesha imagawika pakati. Sigawika. Mafuta otsekeredwa amapereka pulesha yofanana paliponse, kaya mapaipi ndi awiri kaya atatu. Caliper iliyonse ilandira 32 bar yonse, ndipo kufinya kwa ma caliper awiri a 982 mm² kufika 6,200 N. Chimene chawirikiza ndi mafuta ofunika. Master cylinder ya 12.7 ikhoza kulephera kudzaza onse awiri liva isanagunde chogwirira, makamaka mabuleki akatentha. N'chifukwa chake anthu amakwera kupita ku master cylinder ya mamilimita 14 kapena 15.87. Ndi 14, kufinya konse kuli pafupifupi 5,100 N. Ndi 15.87, pulesha imatsika kufika 20 bar ndipo kufinya kuli pafupi ndi 4,000 N, komabe kuposa disiki imodzi. Kwa ine, pa ma caliper aang'ono ngati amenewa 14 ndiyo yoyamba kuyesa, chifukwa imasiya dzanja likumvabe pamene tayala latsala pang'ono kutsetsereka.

Disiki yaikulu ndiyo njira yosavuta kuimvetsa. Kuchoka pa mamilimita 240 kupita pa 300, pakati pa padi pamasuntha kuchoka pa mamilimita pafupifupi 105 kufika 135 kuchokera pakati pa tayala. Mphamvu yoimitsa imakwera ndi pafupifupi 29 pa 100 iliyonse, pulesha ndi liva zili chimodzimodzi. Vuto lili pa buleketi yosunthira caliper: ikakhala yopyapyala imapindika, ikakhota padi imadya mopendekeka. Mapaipi okulungidwa ndi waya nawonso sawonjezera pulesha. Amangochepetsa kufufuma kwa paipi, ndiye mafuta amene akanatayikira m'kufufumako amapita kupisitoni.

Pali cholakwika china choopsa chimene sichioneka pamasamu. M'kati mwa master cylinder muli kabowo kakang'ono kobwezera mafuta m'kathanki liva ikasiyidwa. Liva yogula padera imene sikugwirizana bwino ikhoza kumakankha pisitoni pang'ono nthawi zonse, n'kutseka kabowoko. Poyenda, mapadi amakhuza disiki, mafuta amatentha n'kufutukuka, alibe kothawira, pulesha imakwera yokha mpaka tayala lakutsogolo kumanga pamsewu. Mukamanga liva yatsopano, onetsetsani kuti ili ndi kampata isanakhudze pisitoni, ndipo tayala likuzungulira momasuka mukangoisiya.

Mpweya ndi madzi ndi adani ena awiri. Mpweya umapanikizika, ndiye liva imakhala ngati siponji, mtunda wake umathera kufinya thovu. Mukasintha chilichonse, tulutsani mpweya mpaka mafuta azituluka opanda thovu, ndipo gogodani pang'ono pa bawuti ya banjo yakumtunda, yolumikiza paipi ku master cylinder, poti thovu limakonda kubisala pamenepo. Mawashala amkuwa a pa banjo ikani atsopano nthawi iliyonse, ndipo yang'anani mazinga a bawutiyo: ena ndi M10 x 1.25, ena M10 x 1.0, ndipo kukakamiza wolakwika kumawononga mazinga a caliper ya aluminiyamu.

Mafuta a buleki a mtundu wa DOT 4 atsopano sawira asanafike 230°C, koma akayamwa chinyezi malirewo amatsika kufika cha pa 155°C. A DOT 3 ali pa 205°C ndi 140°C. Wakabaza amene akutsika chitunda cha ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre atanyamula munthu ndi katundu, dzanja lili pabuleki njira yonse, akhoza kuwiritsa mafuta akale, liva n'kufika pachogwirira popanda chogwira. Sinthani mafuta zaka ziwiri zilizonse, ndipo a DOT 5, amene ndi a silikoni, musawasakanize ndi enawo.

Malire omaliza ndi tayala. Kufinya kwa 6,200 N pa katayala kopyapyala, pamsewu wafumbi kapena wamiyala, kumamanga tayala ndi zala ziwiri zokha. Yesani kaye pamalo opanda anthu, pa liwiro la makilomita 20 pa ola, mukuwonjezera kukoka pang'onopang'ono, kenako khudzani pafupi ndi caliper kuti mumve ngati yatentha mopitirira ndi kuona ngati pa banjo pakuchucha.