Zikomo nonse amene munaima nafe pa matenda a mwana wathu

Dzulo mwana wathu wamkazi wabwera ndi zotsatira za mayeso, wakhoza kalasi 8. Chaka chatha nthawi ngati ino za sukulu sitinkaziganiza n'komwe, tinkangopempha Mulungu kuti mwanayu agoneko usiku umodzi. Ambiri amene munatithandiza kuno ku Angónia sindinakuthokozeni bwinobwino, ndiye ndati ndilembe pano.

Anayamba ali ndi zaka 13. Masiku ena osagona, kuyankhula kosapuma, kuimba mpaka atambala kulira, kufuna kupita wapansi ku Ulongué pakati pa usiku. Kenako masabata angapo ali phee m'chipinda, osadya, osasamba. Kuchipatala anati ndi matenda a maganizo otchedwa bipolar, ndipo anamupatsa haloperidol kuti mutu ukhazikike.

Tsiku lachitatu atayamba mankhwalawo, madzulo, ndili pakati povundula nsima, mng'ono wake anakuwa. Ndinapeza khosi litapotokera kumanzere, louma gwa, maso atatembenukira kumwamba, lilime panja, malovu ali chuchuchu. Ankatimva koma mawu osatuluka. Anthu anadzaza pakhomo. Ena amati khunyu, ena mizimu, wina n'kunena kuti mankhwala achizunguwa akulimbana ndi za kumudzi, tiwataye. Sindikuwaimba mlandu, nanenso mtima wanga unali komweko.

Achimwene, inu simunatsutsane ndi munthu. Munangoliza njinga yamoto, ine kumbuyo nditamufungata mwana, mphepo ya mu June ikutiluma zala. Mukanachedwa kumvera mawu a anthu, kaya tikanagona kwa sing'anga uti usiku umenewo.

A técnico a matenda a maganizo, dzina lanu sindilitchula koma mukudzidziwa. Munamubaya biperideno, mankhwala omasula minofu, ndipo theka la ola lisanathe khosi linamasuka, mwana n'kupempha madzi. Jakisoni yekhayo akanandikwanira, koma munakhalanso nafe pa benchi n'kutiuza kuti kuuma kwa minofu kotereku kumabwera chifukwa cha mankhwalawo, makamaka kwa ana ndi achinyamata, m'masiku oyambirira. Munati tisasiye tokha mwadzidzidzi chifukwa matenda amabwerera ndi mphamvu, ndipo kuti thupi likadzatentha kwambiri pamodzi ndi kuuma, tithamange naye osadikira kuche. Mawu amenewo ndinawalemba kuseri kwa khadi lake.

Atamusinthira pa mankhwala ena otchedwa risperidona, kuuma kunatha koma kunabwera zina. Njala yosatha. Ankamaliza mbale yake n'kuyang'ana ya mng'ono wake, usiku n'kudzuka kukapala mkute. Yunifolomu inathina miyezi itatu isanathe. Nchifukwa chake ulendo uliwonse kuchipatala amamukweza pa sikelo, ndipo anamuyezanso shuga m'magazi. Apongozi, zikomo chifukwa chosiya kumubweretsera mandasi ndi zakumwa zotsekemera, ngakhale ndikudziwa kuti zinakupwetekani kubwera kwa mdzukulu ndi mphonda ndi mapichesi basi. Ndipo munkamutenga m'mawa kumunda wa mbatatesi, wapansi, ngati mukungofuna wokuperekezani.

Chimene chinatsala pang'ono kutipasula banja ndi ichi. Msambo unasiya, mabere anayamba kutuluka timadzi tonga mkaka. Ndinaona pa bulauzi pochapa, manja anga n'kuzizira. Kuchitsime nkhani inali itafika kale yoti ali ndi pakati, thupi lakulalo anthu n'kumati ndi umboni. Bambo ake anakhala masiku awiri osamuyankhula. Ine ndinamufunsa mafunso amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi, iye akungolira kuti amayi sindinachite kanthu. Anamwino anamuyeza, panalibe mimba. Anatifotokozera kuti risperidona imakweza prolactin, michere ya m'thupi imene imapangitsa mkaka, ndipo zimachitika ngakhale kwa anyamata. Anamuchepetsera mlingo, zinthu n'kubwerera pang'onopang'ono. Anamwino inu, munaitana bambo ake kuti amve ndi makutu awo, ndipo madzulo ake anakagogoda kuchipinda kwa mwana wawo n'kupepesa. Zimenezo ine ndekha sindikanazitha.

Aphunzitsi a kalasi yake, munaona kuti amasinza m'mawa ndipo simunamukwapule kapena kumutcha waulesi. Munandiitana, ndinakauza achipatala, anati mankhwala ambiri azimwa usiku. Anzake atayamba kumunena za kunenepa, munazithetsa musanandiuze n'komwe.

Amayi a mu mphakati wathu, munkasinthana kudzagona kwathu masabata oipa aja kuti ine nditsinzineko. Munasonkhanso ya chapa (minibasi) pamene tinatumizidwa ku Tete. Ena a inu munali pakhomo paja usiku wa khosi, ndipo munabweranso kudzafunsa kuti achipatala anati chiyani. Chimenecho ndinachiona.

Mankhwala akumwabe, ndipo kuchipatala tikubwerera mwezi wamawa. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi tipha nkhuku ziwiri. Mwini wake wati aphika yekha ndiwo zamasamba, ndipo wandituma ndikuuzeni kuti amalume asachedwe.