Nkhuku ndi dzira m'banzi imodzi: zomwe ndinadya pamsewu wa ku Birmingham

Tinanyamuka mochedwa ku Atlanta, m'chigawo cha Georgia, pa ulendo wa ku Birmingham, m'chigawo cha Alabama, ndipo wolakwa ndinali ine. Alamu anga ananeneratu usiku wake kuti 8 koloko itipeze tili pamsewu, koma thupi langa linali lisanavomereze kuti lili ku America, moti ndinagona tulo tofa nato. Pomwe tinkalowa msewu wa I-20 kulowera kumadzulo n'kuti nthawi ili 9:45, m'mimba mulibe ngakhale dontho la tiyi.

"Alamu, tiime penapake tiyambe tadya," ndinatero.

"Tikadyera kutsogolo."

"Si inu munanena kuti chakudya cha m'mawa amatseka 10:30?"

"Ndine ndemwe. Ingokhalani phee, muona."

Ndinakhaladi phee, koma mtima ukung'ung'udza. Kumeneko malo ambiri ogulitsa chakudya chachangu ali ndi nthawi yomwe amasiyira kugulitsa za m'mawa, ndipo ikangokwana chikwangwani cha zakudya chimasintha, mazira onse amasowa ngati sanakhalepo. Ndinaona 10:30 ikukwana tili pakati pa mitengo ya paini, alamu akungoimba kaluzu. Patali ndi msewu pankaoneka makola ataliatali ofolera ndi malata, opanda mazenera, okhala ndi mafani aakulu kumapeto. Ndinafunsa ngati anali mosungira katundu. Anati ayi, ndi nkhuku zimenezo. Georgia ndi Alabama ali m'gulu la zigawo zoweta nkhuku za nyama zambiri m'dziko lonselo, mpaka tauni ya Gainesville ku Georgia imadzitama kuti ndi likulu la nkhuku padziko lonse.

Kenaka tinadutsa chikwangwani cha malire a Alabama, ndipo patangopita kanthawi foni yanga inachita zodabwitsa: inali itangodutsa 11 koloko, mwadzidzidzi n'kubwerera pa 10 koloko. Alamu anaseka mpaka kumenya chiwongolero. Georgia imayendera nthawi ya kum'mawa, Alabama imayendera nthawi ya pakati, yomwe ili kumbuyo ndi ola lathunthu. Ola limenelo ndi lomwe iwo ankadalira. Mukadzayenda njira imeneyi mudzafunsitsitse kuti nthawi yomwe akuuzani ndi ya mbali iti, makamaka ngati muli ndi basi yoti mukwere, chifukwa pobwerera ola lomwelo amakulandani.

Tinapatuka ku Oxford nthawi ili 10:15 ya kumeneko. Alamu anafuna kugulira pazenera tili m'galimoto, monga ambiri amachitira, koma ine ndinakana. Munthu kudya ukuthamanga ngati wabera wina? Tinalowa.

Pondiitanitsira anatchula "biscuit", ine n'kuganiza kuti afuna kundipatsa bisiketi m'mawa wonse uno ndili ndi njala yotere. Ayi ndithu. Biscuit ya kumwera kwa America ndi kabanzi kofewa, konona ndi batala, kosatsekemera, kamene kamanyenyeka ukangokagwira. Amakadula pakati n'kuikamo zinthu. Mu yanga munali chidali cha nkhuku chokazinga, dzira lopindidwa bwinobwino ngati mpango, ndi tchizi wosungunuka. Pamodzi ndi timbatatesi tokazinga ndi khofi zinakwana madola 8 ndi kanthu. Kanthu kameneko kanandipweteka mtima, chifukwa pachikwangwani sikanalembedwe. Msonkho amauwonjezera polipira, ndiye mtengo womwe ukuuona si womwe utulutse m'thumba. Mpaka tsiku lobwerera ndinali ndisanazolowere zimenezi.

Nditatsegula pepala, ndinangoti kakasi. Nkhuku pansi, dzira pamwamba.

"Bwanji, simukudya?"

"Alamu, ameneyu si mayi ndi mwana wake? Taterepa sitikutha banja lonse pakamodzi?"

Ndinanena ngati nthabwala, koma pansi pamtima chinandigwiradi. Nkhuku ndimadya, mazira ndimadya, ndipo sindinaganizepo kawiri. Koma kuziona zitasanjikizana choncho, zitakumbatirana m'kabanzi kamodzi, chinachake chinandikana.

Alamu anayamba kundiphunzitsa, monga amachitira anthu omwe akhalitsa kunja. Anati kumeneko dzira ndiye chizindikiro cha m'mawa: chilichonse ukachiika dzira chasanduka chakudya cha m'mawa. Anatchula Egg McMuffin, banzi ya dzira ya kumalo odyera a McDonald's, yomwe Herb Peterson anaiyambitsa ku Santa Barbara, California, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kuti ndiyo inazoloweretsa anthu kudya dzira la m'banzi ali m'galimoto. Koma dzira limenelo linkayenda ndi nyama ya nkhumba. Ogulitsa nkhuku, monga a Chick-fil-A omwe anayambira ku Atlanta konko mu 1967 ndipo satsegula Lamulungu, nawonso anafuna makasitomala a m'mawa, ndiye nkhuku ndi dzira zinakumana. Anawonjezeranso kuti ku Japan sachita nazo manyazi n'komwe. Ali ndi chakudya cha nkhuku ndi mazira pamwamba pa mpunga chomwe amachitchula oyakodon, kutanthauza mbale ya kholo ndi mwana. Akaikamo nyama ya ng'ombe kapena ya nkhumba m'malo mwa nkhuku amati tanindon, mbale ya anthu osadziwana.

"Ndiye mwandithandiza chiyani pamenepa?" ndinafunsa. "Mwangotsimikiza kuti ndi mayi ndi mwana."

Apa ndi pomwe mayi wina wachikulire, yemwe anakhala patebulo loyandikana nafe ndi kapu yake ya khofi, analowerera. Chichewa sankamva, koma anaona munthu wamkulu akuloza dzira, n'kuloza nkhuku, n'kupukusa mutu. Anafunsa alamu ngati chakudyacho chinali ndi vuto. Atamufotokozera anaseka mpaka kuvula magalasi n'kupukuta misozi. Chizungu chake chinali chokoka, cha kumwera kwenikweni, moti mawu ena alamu ankachita kundibwerezera.

"Mwana wanga," anatero, "nkhuku imeneyo sinaikirepo dzira chibadwire. Inalibe nthawi."

Iye ndi malemu amuna ake anaweta nkhuku za nyama zaka zambiri m'makola ngati omwe tinawaona panjira aja. Kampani inkabweretsa anapiye a tsiku limodzi pamodzi ndi chakudya chake, iwo n'kumasamala, ndipo pakatha masabata 6 kapena 7 malole ankabwera usiku kudzatenga zonse. Nkhuku yoikira, anatero, ndi mtundu wina, yowonda, ya kukhola lina, ndipo siyamba kuikira isanakwanitse masabata 18 kapena 20. Ikayamba imatha kuikira mazira pafupifupi 300 pachaka. Kumakola amenewo tambala kulibe, ndiye dzira lomwe linali m'banzi yanga, ngakhale likanafungatiridwa masiku 21 onse, silikanaswa kanthu.

"Ndiye amayi, si pachibale?"

"Sizidziwana n'komwe. Ngati pali mwana m'banzi mwakomo, mwanayo ndi nyamayo."

Mawu amenewo anandikhala pakhosi kuposa momwe nthabwala yanga ija inachitira. Ndinayang'ana chidali chija, chachikulu ngati chikhatho changa, n'kuganiza kuti mwini wake anakhala ndi moyo mwezi umodzi ndi theka basi. Ine ndinkamvera chisoni dzira lomwe munalibe aliyense. Mayiyo sanaoneke wokhudzidwa. Anati anthu a m'tauni amafunsa mafunso oseketsa, kenaka anadzuka n'kukanditengera timapaketi tiwiri, ka tsabola wamadzi ndi ka uchi. Anandiuza kuti ndisadye chouma choncho, ndithire zonse ziwiri. Uchi pa nkhuku! Ndinathira chifukwa cha ulemu, iye ataima pompo kundiyang'anira.

Tsono ndinene za kukoma, poti ndi pomwe mlandu weniweni wagona. Nkhuku inali bwino zedi: yotentha, khungu la ufa likuti khrr pansi pa mano, mchere wokwanira. Banzi nayo inali bwino, ngakhale theka lake linathera pamalaya. Koma dzira sindinalimve. Linalipo, ndinkaliona, koma pakamwa linangokhala ngati kansalu kofunda pakati pa nyama ndi banzi. Nkhuku yokazinga ili ndi mawu aakulu, dzira lopindidwa lija ndi lofatsa, ndiye wina amayankhula yekha. Zonse ndi zonona, tchizi nayenso wonona, palibe chowawasa kapena chowawa choti chidzutse lilime. Tsabola ndi uchi wa mayi uja ndi zomwe zinapulumutsa chakudyacho, ndipo zikanachipulumutsa ngakhale dzira likanapanda kukhalamo.

Maganizo anga ndi akuti vuto si nkhuku ndi dzira kukhala pamodzi, koma kuti m'malo achanguwa sizikhala pamodzi kwenikweni. Chilichonse amachiphika pachokha, n'kudzangozisanjikiza wogula akafika. Ku Japan kuja, malinga ndi alamu, dzira amalithira mumsuzi momwe nkhuku ikuwira ndi anyezi, limamwa msuziwo n'kukhala lofewa. Kumeneko ndiye kuphika pamodzi. Izi za m'banzi n'chimodzimodzi anthu awiri omwe angopezeka pampando umodzi m'basi. Ndipo umalipira ndalama yowonjezera chifukwa cha mlendo yemwe sakuyankhulayo. Alamu sanagwirizane nane. Iwo akuti dzira ndi lomwe limawagwira m'mimba mpaka madzulo, ndipo popanda ilo akanamva ngati adya nkhomaliro nthawi isanakwane. Tinakangana mpaka tinadutsa mphambano ya ku Talladega osaiona.

Za ku Birmingham, za tchalitchi cha 16th Street Baptist komwe bomba linapha atsikana anayi mu 1963, sizoyenera kuzisakaniza ndi nkhani ya mabanzi. Ndidzazilemba pazokha.

Tinabwerera mawa lake m'mawa. Nthawi ino ndinadzuka ndekha, ndipo tinaima pamalo omwe aja 9 koloko isanakwane. Ndinayang'ana patebulo lija, panali anyamata awiri ovala zipewa za ntchito. Ndinaitanitsa banzi ya nkhuku yokha, yopanda dzira, yopanda tchizi, n'kupempha tsabola ndi uchi. Mtsikana wa pakauntala anandipatsa timapaketi tinayi osafunsa. Alamu anaitanitsa yawo ya masiku onse, n'kuwonjezera dzira lachiwiri, ati m'malo mwa langa lija. Titangolowa mu Georgia foni inalumpha ola limodzi kupita kutsogolo, zala zanga zikadali zomata ndi uchi.