Bodi yathu ya nshawa pa Trello

Dzulo ndachezera kukonza bodi ya pa Trello (apu yomwe gulu limalembapo ntchito zake n'kumaonera limodzi pa intaneti) ya gulu lathu logula nshawa kuno ku Chipata ndi ku Katete, foni mpaka kutentha m'manja. Poyamba aliyense ndinamuika adimini, eee chisokonezo chake, wina anachotsa mlembi wathu pa bodi osadziwa n'komwe. Lomba maadimini tatsala awiri, ine ndi amayi asungichuma, ndipo oitana anthu atsopano ndife tokha basi. Koma chinandiopsa n'chakuti bodi ndinaisiya pa Public, aliyense pa intaneti akanatha kuona mitengo yathu, amavenda akanatiseka ndithu, ndaibweza pa Private msangamsanga. Trello yaulere imalola anthu 10 okha pa Workspace, malo a gulu momwe mumakhala mabodi, ife tilipo 12, ndiye awiriwo azingomvera pa WhatsApp, zolipira ayi.