Ma enchilada a Lachinayi

Lachinayi ndimafika kunyumba mochedwa. Ndikamatsika m'galimoto nthawi imakhala itadutsa 6 koloko, ana ali ndi njala, bambo awo asanaweruke. Mwezi uno tilinso ndi apongozi, amene anachokera ku Dedza kudzaona zidzukulu kuno ku Dallas, ku Texas m'dziko la America. Masiku ena ndimatereka poto wa nsima monga mwa nthawi zonse, koma Lachinayi ndimaphika ma enchilada, chakudya cha ku Mexico cha ma tortilla, timikate topyapyala ngati chapati, okulungamo nyama n'kuthira msuzi wa tsabola, chifukwa kuchokera pamene ndayatsa uvuni mpaka pamene tikusamba m'manja pamadutsa mphindi 45 zokha.

Zogula zake ndi zisanu. Nyama ya ng'ombe yogaya paundi imodzi, yomwe ndi magalamu 454, pafupifupi theka la kilogalamu. Anyezi mmodzi wamkulu. Ma tortilla a chimanga 12, ang'onoang'ono aja otambalala masentimita 15. Zitini ziwiri za msuzi wofiira wa enchilada, za maaunsi 10 chilichonse. Ndi tchizi chopala magalamu 225, kaya cheddar kaya Monterey Jack. Mchere ndi mafuta ophikira sindiwerengera, zimenezo zimakhalamo kale m'khitchini. Adyo ndi kasupuni ka chokometsera chotchedwa cumin zikakhalapo ndimathira, zikasowa sindibwerera kusitolo. Zimenezi zimatikwanira anthu asanu, pambali pali nyemba.

Ulendo woyamba ndinalephera, ndipo ndikufuna ndiyambire pamenepo, pakuti cholakwa changa n'chimene ambiri amalakwitsa. Ndinatulutsa ma tortilla m'filiji, n'kuyamba kukulunga nyama ali ozizira choncho. Iliyonse imene ndapinda inkang'ambika pakati. Ndinati palibe kanthu, msuzi ubisa. Ndinathira msuzi wonse, n'kulowetsa mu uvuni. Potulutsa ndinapeza phala lofiira la nyama, lofunika kutunga ndi chipande. Kukoma linkakoma, koma panalibe ndi imodzi yomwe yoti n'kuinyamula yathunthu kuika m'mbale ya munthu. Zinandiwawa, chifukwa tsiku limenelo tinali ndi alendo.

Anandithandiza ndi mayi wina wachikulire amene timayandikana naye nyumba, wochokera ku Guanajuato m'dziko la Mexico. Nditamufotokozera sanachedwe ndi mafunso. Anangoti ndibwere kwawo Loweruka ndi paketi yomweyo ya ma tortilla. Anatereka chiwaya chaching'ono, n'kuthiramo mafuta okwanira kungophimba pansi pake. Atatentha anagwetsamo tortilla imodzi. Inalira kuti tswee, n'kutupa timatuza ting'onoting'ono m'mbali. Anawerenga mpaka 10, n'kuitembenuza, n'kuwerenganso, n'kuitulutsa isanasinthe mtundu. Anandipatsa m'manja nati ndiipinde. Inapindika ngati nsalu.

Chifukwa chake ife a nsima timachidziwa kale, kungoti sindinaganize. Mkute ukaunyema m'mawa umasweka, koma ukautenthetsa umafewa. Tortilla ya chimanga ndi chimodzimodzi. Ufa wa chimanga ulibe kamatamata kaja kamene kamachititsa ufa wa tirigu kunyumbuka, choncho ikazizira imauma m'kati ngakhale ikuoneka yofewa. Moto umaibwezera kufewa. Mafuta nawo amagwira ntchito ina: amaikuta, kotero msuzi sulowerera mpaka kuisungunula mu uvuni. Ena amangoikulunga m'kansalu konyowa n'kuitenthetsa mu microwave. Ndinayesa, imapindika ndithu, koma pophika imamwa msuzi wambiri n'kufooka. Ine ndimakhalabe kumafuta, ngakhale pamatenga mphindi zisanu zowonjezera.

Tsopano ndikalowa m'nyumba, ndisanavule ndi nsapato zomwe, ndimayatsa uvuni pa 350 ya kuno, yomwe ndi madigiri 180 pa mauvuni akwathu. Kenako ndimadula anyezi timizidutswa ting'onoting'ono. Gawo lalikulu limapita m'chiwaya chachikulu ndi supuni imodzi ya mafuta, pang'ono ndimasunga waiwisi wowaza pamwamba pomaliza. Anyezi akafewa n'kuyamba kuwala ndimaika nyama, n'kumaiphwanya ndi mthiko.

Apa pamafunika kudekha. Nyama yogaya imayamba yatulutsa madzi, n'kusanduka yotuwa, ndipo munthu amaganiza kuti yapsa. Kupsa yapsadi, koma kukoma sikunabwere. Ndimaisiya madziwo aphwe mpaka phokoso la m'chiwaya lisinthe, kuchoka pa kubwata kufika pa kuthetheka. Pamenepo m'pamene imayamba kufiira m'mbali ndi kutulutsa fungo la nyama yootcha. Zimatenga mphindi 8 kapena 10. Pasatsale pofiira magazi, nyama yogaya siyofanana ndi nthuli imene ungaisiye yofiira pakati. Mafuta akachuluka ndimapendeketsa chiwaya n'kuwatunga ndi supuni. Ndimathira mchere pang'ono chabe, popeza msuzi wa m'chitini ndi tchizi zili ndi mchere wake kale. Kenako ndimathiramo theka la kapu ya msuzi wofiira uja, kuti nyama igwirane isamayoyoke pokulunga, ndi tchizi chodzaza dzanja limodzi. Ndimaphula.

Tsiku loyamba apongozi kundiona ndikuchita zimenezi anali atakhala pampando pafupi ndi khomo la khitchini, akusenda adyo amene sindinawapemphe kuti asende. Nditatsegula paketi ya ma tortilla anadzutsa mutu.

"Tandipatseni imodzi, mwananga."

Anainunkhiza kawiri, n'kunyema kachidutswa, n'kutafuna pang'onopang'ono.

"Ichi ndi chimanga. Koma mwamveka kafungo ngati ka chidulo."

Ndinadabwa, chifukwa ine zinanditengera chaka kuti ndidziwe chimene iwo anazindikira ndi mphuno. Anthu a ku Mexico asanagaye chimanga cha tortilla amayamba achiwiritsa m'madzi a laimu wodyedwa, amene iwo amati cal, ndipo madera ena amagwiritsa ntchito phulusa la nkhuni. Amachisiya chigone m'madzimo usiku wonse, m'mawa n'kuchitsuka gaga achoke, n'kuchigaya chili chonyowa. Chimanga chotere amachitcha nixtamal, ndipo chikagayidwa chimakhala masa. Laimuyo ndi amene amachititsa kuti ufawo ugwirane n'kutheka kuupapatiza, komanso amamasula niacin, vitamini wa m'chimanga, kuti thupi lithe kumugwiritsa ntchito. Ndinawauzanso kuti chimanga chenichenicho kwawo n'komweko, kummwera kwa Mexico, kumene anthu anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo kwathu ku Africa chinabwera pa zombo cha m'zaka za m'ma 1500. Apongozi anakhala chete akuyang'ana kachidutswa kamene kanatsala m'manja mwawo, kenako anati, "Ndiye kuti amenewa ndi eni ake mbewu." Kuyambira tsiku limenelo akakumana ndi mayi wa ku Guanajuato uja panja amamupatsa moni wa manja awiri, ngakhale samvana chilankhulo.

Tibwerere ku chiwaya. Ndimakonza malo ndisanayambe, chifukwa ikangotuluka m'mafuta tortilla siyembekeza munthu. Kumanzere chiwaya cha mafuta, pakati mbale yoyalapo mapepala a m'khitchini, kumanja nyama, ndipo kutsogolo mbale yophikira mu uvuni, yanga ndi yagalasi ya mainchesi 9 kwa 13. Pansi pa mbale imeneyi ndimapaka msuzi wochepa, wongonyowetsa, kuti asamatirire. Mafuta atenthe koma asafike pofuka utsi. Poyesa ndimaviika m'mphepete mwa tortilla, ikalira nthawi yomweyo ndiye kuti akwana. Akakhala ofunda chabe tortilla imangomwa mafuta n'kulemera. Mukaichedwetsanso imauma n'kukhala yokhukhuta, yosapindikanso. Masekondi 10 mbali iyi, 10 mbali inayo, basi.

Ndikakazinga onse 12 ndimayamba kukulunga adakali otentha. Masupuni awiri odzaza a nyama, ndimayala mzere pakati, n'kupinda mbali imodzi pamwamba pa inzake, n'kugoneka m'mbale msoko uli pansi kuti isamasuke. Mtima umafuna kudzaza kwambiri, makamaka ukaona nyama idakali yambiri m'chiwaya, koma yodzaza kwambiri imaphulika. Ndimawathithikiza pamodzi, asanu ndi atatu mzere umodzi, anayi otsalawo chopingasa m'mbali. Nyama ikatsalako ndimaimwaza pamwamba. Kenako msuzi wotsala, ndipo ndimaonetsetsa kuti wafika kunsonga zonse, pakuti nsonga yosiyidwa youma imatuluka yolimba ngati chikopa. Sindiwamiza. Msuzi uwaphimbe, koma mizere yawo izionekabe. Pamwamba tchizi chonse chotsala.

Mu uvuni amakhalamo mphindi 20 osavindikira, mpaka tchizi chisungunuke ndipo msuzi uzibwata m'mbali. Nthawi imeneyi ndimatenthetsa nyemba, n'kudula mapeyala ndi tomato. Ndikatulutsa ndimawasiya mphindi zisanu kapena kuposerapo asanagawidwe. Ana amadandaula, koma mukagawa nthawi yomweyo amaphwasuka, pomwe akapuma pang'ono amanyamuka athunthu.

Ndinene chilungamo: awa si ma enchilada a ku Guanajuato. Mnzanga uja anandiuza mosabisa kuti awa ndi a ku Texas. Kwawo salowetsa mu uvuni, ndipo chitini sachidziwa. Amanyika tsabola wouma wotchedwa guajillo m'madzi otentha, n'kumugaya ndi adyo, n'kuviika tortilla mumsuzimo asanaikazinge, m'kati n'kuikamo tchizi choyera chofumbutuka ndi anyezi, pamwamba mbatata ya kachewere ndi karoti zokazinga. Amawatcha enchiladas mineras, dzina lochokera ku migodi ya siliva ya mumzindawo. Ndinadyako kwawo, ndipo amakoma kuposa anga, sindikana. Dzina loti enchilada lenilenilo limachokera ku mawu a Chisipanishi akuti enchilar, kuthira tsabola, ndiye mukuona kuti mwini nkhani ndi msuziwo. Koma Lachinayi 6 koloko itadutsa sindingayambe kunyika tsabola, ndipo chitini cholembedwa mild, kutanthauza chosawawa kwambiri, chimathandiza kuti ndi mwana wamng'ono yemwe adye osalira. Wofuna kuwawa ndimamuikira botolo la Nali pa tebulo, limene apongozi anatibweretsera.

Mchemwali wanga ku Lilongwe anandifunsa pa WhatsApp ngati angawaphike kumeneko. Angathe, koma asavutike kuyesa kupanga tortilla ndi ufa woyera kapena mgaiwa, sugwirana chifukwa sunadutse mu laimu. Chapati chopyapyala chimagwira ntchito bwino, monga momwe ambiri kuno amagwiritsira ntchito tortilla ya tirigu, ndipo icho sichifuna kukazinganso, kungochitenthetsa. Msuzi ndi wosavuta kupanga: masupuni awiri a mafuta, awiri a fulawa, kukazinga mphindi imodzi, n'kuthira paprika masupuni awiri, tsabola wogaya pang'ono, adyo, tomato wa m'kachitini masupuni awiri ndi makapu awiri a madzi, n'kutakasa mpaka ukhuthale moti uzimatirira kusupuni. Kambuzi asamuyese muyeso umenewo, m'modzi yekha akwana poto yense. Magetsi akazima aphike pambaula monga timachitira chigumu, moto wochepa pansi, makala ambiri pachivindikiro.

Usiku woyamba uja ndinali nditakonzeka kuterekera apongozi kansima kapadera, madzi ndinali nditaika kale pamoto. Ndinawagawira awiri, nyemba pambali, n'kuwauza kuti akapanda kuwakonda asadzikakamize. Foloko anaikankhira pambali, n'kudya ndi manja, akunyema pang'onopang'ono n'kumasunsa mu nyemba. Mdzukulu wawo wamkulu anawafunsa kuti, "Agogo, zikukoma?" Sanayankhe msanga, anamaliza kaye kutafuna.

"Zimitsani madzi aja, mwananga, ndakhuta chimanga kale."

Atasamba m'manja anabwera kukhitchini ndikutsuka mbale, n'kuima pafupi ndi chiwaya chaching'ono chija, mafuta ake atazizira. Anati anaona kuti awiri omaliza ndinawachedwetsa pamoto chifukwa ndinkayang'ananso nyama, n'chifukwa chake anatuluka olimba m'mbali. Zinali zoona.

"Lachinayi likubwerali chiwaya ichi ndigwira ndine," anatero. "Inu muzikulunga."