Loweruka: ka capacitor komwe ndinachotsa masana, madzulo ndakabwezera

Bolodi la pedal yanga ya gitala, kabokosi koponda ndi phazi kosintha kamvekedwe ka gitala, ndinamaliza kuliwotcherera dzulo usiku, koma sindinafune kulilumikiza ku batire maso ali olemera ndi tulo. Choncho lero m'mawa ntchito yoyamba inali imeneyo. Ndi overdrive, pedal yochititsa mawu a gitala kusasa, yotsatira kapangidwe ka Tube Screamer TS808, ija anatulutsa a Ibanez mu 1979, yokonzedwa ndi Susumu Tamura wa kampani ya Maxon ku Japan. Yangayi ndaimanga pa stripboard, bolodi lija la timabowo lokhala ndi mizere ya mkuwa kunsi kwake. Switchi ndaika yoponda ya 3PDT, ya miyendo 9, kuti ndikazimitsa pedal mawu a gitala azingodutsa osakhudza kanthu.

Ndinalumikiza gitala, ampu ndi batire ya 9V, n'kukhwatcha nsambo zonse. Zii. Ndinapotoza volume mpaka pamapeto, zii yemweyo. Nditaponda switchi kuti mawu alambalale bolodi, gitala inamveka bwinobwino, ndiye ndinadziwa kuti ma jack, molowetsa zingwe muja, ndi switchi alibe mlandu. Vuto linali pabolodi.

Mtima unagwa ndithu, chifukwa ndatha mausiku atatu pa ntchito imeneyi. Koma ndinatenga mita n'kuyamba kuyeza miyendo ya chip umodziumodzi. Chip chake ndi JRC4558D, cha miyendo 8, chokhala ndi ma op-amp, tizigawo tokweza mawu, awiri mkati. Mwendo wa 8 unapereka 9.2V, wa 4 unapereka ziro, monga mmene ziyenera kukhalira. Miyendo inayo imayenera kukhala cha m'ma 4.5V, theka la batire, lomwe limachokera pa ma resistor (tizipangizo tochepetsa magetsi odutsa) awiri a 10k ogawana magetsi pakati. Op-amp imafunika kuima pakatikati pamenepo kuti mawu akabwera ithe kukwera ndi kutsika mofanana.  Koma mwendo wa 1 unali pafupifupi pa 8, ndipo wa 3 manambala ake ankangoyendayenda osakhazikika.

Ndinatembenuza bolodi, ndinayatsa tochi, ndinatenga galasi lokulitsa. Pa mwendo wa resistor yobweretsa 4.5V ku mwendo wa 3 panali ka mpira ka solder (chitsulo chofewa chowotcherera) kotuwa, kozungulira ngati kamkanda, katakhala pamwamba pa mkuwa osaugwira. Malo owotcherera bwino amawala, ndipo solder imakwera mwendo ngati kachulu kosalala. Akaka nditakakhudza ndi nsonga ya mita, mwendo unagwedera. Ndikudziwa mmene zinachitikira: dzulo ndinasungunulira solder pa nsonga ya chowotcherera n'kuidontheza, m'malo motenthetsa mkuwa ndi mwendo pamodzi kuti iyenderere yokha. Ndinadikira chowotcherera chifike pa madigiri 350, ndinagwira pamalopo masekondi atatu, n'kuwonjezera solder pang'ono. Mwendo wa 1 unabwerera pa 4.5.

Nditakhwatchanso nsambo, mawu anatuluka. Osasa pang'ono, okhuthala, otalika. Ndinakhala mphindi zambiri ndikungoliza chord imodzi n'kumamvetsera mmene ikufera pang'onopang'ono. Chinthu chimene masiku apitawa chinali tizidutswa m'timapepala lero chikuyankha zala zanga.

Kusasa kumeneku kumachokera pa tizinthu tiwiri tochepetsetsa pabolodi lonse, ma diode a 1N4148, omwe amadutsitsa magetsi mbali imodzi yokha, oyang'ana mosiyana, olumikizidwa pakati pa mwendo wa 1 ndi wa 2. Op-amp imakweza mawu, ndipo ukatsegula drive yonse, chopotoza chowonjezera kusasa, imatha kuwakweza maulendo pafupifupi 118, malinga ndi resistor ya 51k, pot (chopotozacho) ya 500k ndi resistor ya 4.7k. Koma diode ya silicon imayamba kudutsitsa magetsi ikangofika cha m'ma 0.6V, ndiye nsonga za mafunde a mawu zimaphwanyidwa, pamwamba ndi pansi. Kuphwanyika kumeneko n'kumene khutu limamva ngati ampu ya mavavu yomwe yakwezedwa kwambiri. Poti ndinadziwiratu kuti ndidzafuna kuseweretsa malo amenewa, ma diode sindinawawotcherere. Ndinaika timasokete, chimodzimodzinso pa capacitor ya 0.047uF, kachipangizo kosunga magetsi pang'ono, yoyandikana ndi resistor ya 4.7k ija.

Masana onse anathera pamenepo. Ndinayamba ndi ma LED ofiira awiri, omwe ndi ma diode oyaka, m'malo mwa a 1N4148 aja. Awa sadutsitsa magetsi mpaka cha m'ma 1.7V, choncho mawu anakwera kwambiri mpaka ndinathamangira kutsitsa volume, ndipo anatseguka, kusasa kunachepa. Ukagwira nsambo mofatsa zimamveka zoyera, ukamenya mwamphamvu m'pamene zimaluma. Nditatseka makatani ndinaona timagetsito tikuphethira mozimiririka nthawi iliyonse ndikamenya chord, ndipo ndinakondwa nazo kwambiri, ngakhale kuti m'bokosi palibe adzazione. Kenako ndinayesa a germanium, 1N34A, omwe amatseguka cha m'ma 0.3V. Mawu anatsika, anafewa, anapanikizika moti kumenya mwamphamvu ndi mofatsa zinkamveka pafupifupi chimodzimodzi. Sindinachedwe nawo. Amene anandigwira mtima ndi atatu a silicon, awiri otsatizana mbali imodzi, imodzi mbali inayo, monga anachitira a Boss pa SD-1 ya mu 1981. Mbali imodzi ya funde imaphwanyidwa msanga kuposa inzake, ndipo mawu amakhala ndi kaukali kokoma, makamaka ukaliza nsambo ziwiri pamodzi. Amenewo ndinawasiya.

Tsono ndifike pa capacitor. Chiyambireni kumva pedal yamtundu umenewu, dandaulo langa lakhala limodzi: ukaiponda, kulemera kwa gitala kumachepa, kumatsala mawu apakati okhaokha, ngati munthu akulankhula atatsina mphuno pang'ono. Chifukwa chake ndi 0.047uF ndi 4.7k zija. Ziwirizi pamodzi zimaika malire cha pa 720Hz. Mawu a pamwamba pa malirewo amakwezedwa mokwanira n'kuphwanyidwa, pomwe a pansi pake amakwezedwa mochepa, mocheperachepera ukamatsika. Nsambo yaikulu ya gitala imalira pa 82Hz, kutali kwambiri ndi 720. Sikuti besiyo imatayidwa ayi, imadutsa, koma pafupifupi mmene yabwerera, anzake atakwezedwa.

Ndinazula ka 0.047 n'kuika 0.1uF, komwe kamatsitsa malire kufika cha pa 340Hz. Eee! Chipinda chinadzaza. Nsambo zazikulu zinayamba kugunda pachifuwa, tebulo linanjenjemera, tizomangira tomwe tinali m'chivundikiro cha botolo tinayamba kuvina. Ndinati basi, ndapeza chomwe chinkasowa, ndipo mumtima ndinadabwa kuti munthu waluso ngati Tamura anasiyiranji gitala yopyapyala chonchija. Ka 0.047 ndinakaponya m'kabokosi ka zotsala.

Cha m'ma 5 koloko anafika mng'ono wanga, besi yake ili kumsana. Ndinamuyimbira ndekha kaye, pedal ili pa 0.1, ndipo anagwedeza mutu kuvomereza. Kenako analumikiza besi, tinatsegula ng'oma za pa foni, n'kuyamba kuyimba limodzi. Sitinathe ngakhale mphindi ziwiri. Anaika dzanja pa nsambo zake n'kunena kuti, "Achimwene, ine sindikudzimva, ndipo inunso sindikukumvani. Mwalowa m'munda mwanga."

Ankanena zoona. Gitala ija yomwe inkadzaza chipinda ili yokha tsopano inali phala. Mawu ake apansi, ataphwanyidwa ndi ma diode, ankakangana ndi besi pamalo amodzi, ndipo chord iliyonse ya pa nsambo zazikulu inkangomveka "bvuu" osadziwika kuti ndi iti. Ndinakweza volume, zinaipiraipira. Ndinatsegula tone, pamwamba panangowonjezeka phokoso lobaya m'makutu, pansi matope ali chikhalire.

"Mmene inalili poyamba inkamveka bwanji?" anafunsa.

Ndinakhuthulira kabokosi ka zotsala patebulo, n'kuyamba kusanthula ndi chala mpaka ndinakapeza, kachikasu, kolembedwa 473 pamimba. Ndinawongola miyendo yake ndi pulayala, ndinazula batire, n'kukabwezera m'sokete.

Tinayambanso nyimbo yomweyo, pamalo omwewo. Sindinakhudze volume. Gitala inatulukira pamwamba pa besi ndi ng'oma ngati mutu wa munthu wamtali pagulu. Noti iliyonse inkamveka payokha, besi ya mng'ono wanga inapeza malo ake pansi, ndipo kulemera komwe ndinkati kwasowa kunalipo ndithu, kungoti ankakunyamula ndi iyeyo, osati ine. Mawu apakati aja ondinyansa ndikamayimba ndekha ndi amene ankandichititsa kumveka. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa kuti malire a 720Hz sanaikidwe mwangozi. Pedal imeneyi inakonzedwera munthu woyimba ndi anzake, kudzera mu ampu yomwe kale ikusasa, pomwe besi yochuluka imangosokoneza zinthu. Ine tsiku lonse ndinkaiweruza ndili ndekha m'chipinda, ampu ili yotsitsa.

Tinayesako 0.068uF, yomwe imaika malire cha pa 500Hz. Siinali yoipa, ndipo pa gitala ya ma pickup (tizipangizo totola mawu a nsambo) a single coil, omwe mawu ake ndi opyapyala kale, ndikuona kuti ingathandize. Koma yanga ndi ya ma humbucker, a mawu okhuthala, ndipo tonse awiri tinagwirizana kuti 0.047 ndi imene ikutisiyira mpata. Mng'ono wanga anati ndiike kaswitchi kosankhira pakati pa 0.047 ndi 0.1, kuti ndikakhala ndekha ndizisangalala ndi kulemera kuja. Ndaganizira, koma ndakana. Ndikudzidziwa, ndidzaiwala kukabweza tsiku loyimba ndi anthu. Tinayimba mpaka zala zinayamba kuwawa, bolodi lili lamaliseche patebulo, mawaya akulendewera, aliyense akusamala kuti asakoke chingwe.

Atapita ndinachotsa timasokete, chifukwa m'bokosi lopondedwa tsiku ndi tsiku tizinthu tongolowetsa timakhwefuka. Ndawotcherera ma diode atatu aja ndi ka 473, ndipo malo alionse ndawayang'ana ndi galasi lokulitsa kawiri. Ndayezanso miyendo ya chip: 9.1, ziro, ina yonse pa 4.5. Jack ya magetsi ndaiyeza kuti pakati pakhale negative monga zimakhalira pa ma pedal ambiri, ndipo ndaikapo diode ya 1N4001 yoteteza bolodi wina akadzalowetsa adaputala yotembenuka.

Bokosi la aluminiyamu, 1590B, ndalikuta ndi tepi ya pepala n'kulemba ndi pensulo pomwe pabwere mabowo: atatu a ma pot pamwamba, limodzi la 12mm la switchi, awiri a ma jack m'mbali, lina la magetsi, ndi kakang'ono ka LED. Malo ndi ochepa m'menemo, ndiye jack yolowera ndaisuntha pang'ono kuti isagundane ndi switchi. Kuboola ndi mawa kukacha, anthu atadzuka.